Amene Anasenza Katunduyo Sindiwo Timawatchula

Nkhani ya kutha kwa malonda a akapolo ku Britain ikangoyambika, dzina lomwe limafulumira kutuluka pakamwa ndi la William Wilberforce. Ulemu wake sindikuukana ayi. Bamboyu anaima m'Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka, mu 1791 anagonja ndi mavoti 163 kwa 88, komabe sanagwe mphwayi mpaka lamulo loletsa malondawa linadutsa mu 1807. Chimene chimandiwawa n'chakuti umboni umene ankayankhulira m'nyumbamo anautola ndi anthu ena, ndipo ambiri mwa iwo sitiwadziwa n'komwe.

Thomas Clarkson ndiye amandikhudza kwambiri. Mu 1785, ali pa sukulu ya ukachenjede ya Cambridge, anapambana mpikisano wolemba nkhani pa funso lakuti kodi n'kololeka kusandutsa munthu kapolo iye asakufuna. Wina akanalandira mphothoyo n'kuiwala. Iye zimene anawerenga pokonzekera mpikisanowo zinamusowetsa mtendere. Mu 1787 anali mmodzi mwa anthu 12 amene anakhazikitsa komiti yolimbana ndi malondawa ku London, kenako anakwera kavalo n'kuyamba kuzungulira madoko. Ku Bristol ankalowa m'malo omwera mowa usiku kukacheza ndi amalinyero kuti amuuze zomwe zinkachitika m'sitima. Ku Liverpool anagula m'sitolo maunyolo am'manja ndi am'miyendo, kachitsulo kofinyira zala, komanso chitsulo chokanulira pakamwa pa kapolo wokana kudya. Tangoganizani, zinthu zotere zinkagulitsidwa poyera ngati katundu wina aliyense! Ankayenda nazo m'misonkhano kuti anthu azione ndi maso awo, azigwire ndi manja awo. Ku Liverpool komweko gulu la anthu linafuna kumukankhira m'nyanja, anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Pofika 1794 thupi linakana, ndalama zinamuthera, ndipo anapuma kwa zaka zingapo asanabwerere pa ntchitoyi. Wilberforce anaikidwa mu 1833 ku Westminster Abbey, tchalitchi chotchuka cha ku London komwe amaikako anthu olemekezeka. Mwala wokumbukira Clarkson anauika kumeneko mu 1996, patatha zaka 150 chimwalirireni.

Nanga Olaudah Equiano? Iye ukapolo sanachite kuuwerenga m'mabuku, anaulawa. Anadziwombola yekha mu 1766 ndi mapaundi 40. Mu 1783 ndiye anakatsina khutu Granville Sharp, yemwe ankalimbana ndi ukapolo ku London, za sitima ya Zong, yomwe amalinyero ake anaponya m'nyanja Aafirika amoyo oposa 130. Mlandu umene unapita kukhoti sunali wakupha anthu, unali wa ndalama za inshuwalansi zimene eni sitimayo ankafuna kulipidwa chifukwa cha akapolo anafawo. Mu 1789 Equiano anasindikiza mbiri ya moyo wake n'kumayenda nayo m'mizinda akuyankhula ndi anthu. Anamwalira mu 1797, kutatsala zaka 10 kuti lamulo lija lidutse.

Ena amati popanda phungu wolimba mtima m'Nyumba ya Malamulo, zonsezi zikanangothera m'misonkhano. Pamenepo pali choonadi. Koma aphungu sanasinthe maganizo chifukwa cha mawu okoma okha. Lamulo la 1807 linaletsa kugula ndi kunyamula anthu kuchokera ku Africa, koma amene anali kale m'minda ya nzimbe anakhalabe akapolo. Mu Disembala 1831 ku Jamaica, Samuel Sharpe, kapolo yemwe anali dikoni wa mpingo wa Baptist, anamema anzake kuti akane kugwira ntchito mpaka atayamba kulipidwa. Zinthu zinafika pa nkhondo, minda inatenthedwa, akapolo mazanamazana anaphedwa, ndipo Sharpe ananyongedwa ku Montego Bay mu Meyi 1832. Chaka chotsatira Britain inakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'madera ake ambiri. Ine sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi.

Ndimafuna ana akamaphunzira mbiri imeneyi azimva mayina onsewa, komanso aziuzidwa mmene nkhaniyo inathera, chifukwa mathero ake ndi owawa. Boma la Britain linapereka mapaundi 20 miliyoni ngati chipukuta misozi kwa eni akapolo. Akapolowo sanalandire kalikonse, ndipo ambiri anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1838.