RV si nyumba abale, funsani ife tikugonamo mu Januwale kuno ku Indiana

Ndatopa nawo anthu oti akangoona chithunzi cha RV (ngolo yogonamo yokoka ndi galimoto) pa Facebook basi ayamba, "achimwene mwafikatu, nyumba yoyenda!" kenako mawa lake meseji ya fizi. Ndiloleni ndiyankhule lero chifukwa chinthu chimenechi chikundidyera ndalama mwina kuposa lendi imene ndinkathawa ku South Bend.

Kwa amene simukudziwa, kuno ku Elkhart ndi kumene amapanga ma RV ambiri a mu America muno, Thor, Forest River, Jayco uko ku Middlebury, onse ali konkuno ndipo enafe timadyera m'mafakitale momwemo. Ndiye akale ali mbwee, mtengo wake wotsika, munthu ukaona umati aaa bola ndigule iyi ndizigonamo, ya lendi ndizitumiza kumudzi nyumba ija ifike pa lintala. Nzeru zabwino zedi ukamaziganiza mu Julayi. Mu Julayi chilichonse ndi chabwino ku Indiana.

Amene anandigulitsa ndi m'Malawi mnzathu, dzina sinditchula akudzidziwa okha, anati "iyi ndi four season man, chisanu simuchimva olo pang'ono." Chomata chake chilipodi pakhomo koma palibe lamulo lililonse lonena kuti four season izikhala yotani, kampani iliyonse imangomata momwe yafunira. Khoma lake mainchi awiri kaya amakwana, mawindo galasi limodzi, pansi pake mphepo imangodutsa mwaufulu. Ndiye kuzizira kwa kuno musamakuyerekeze ndi chiperoni cha ku Thyolo chimene umangovala juzi nkumapita kumunda. Mphepo ikachoka pa Lake Michigan imabwera itasenza sinowo, ukagona galimoto ikuoneka, podzuka wangoona kachulu koyera. Mu Januwale 2019 pa Chicago pompa panafika -23°F, ndiye kuti cha m'ma -31°C.

Nkhondo yeniyeni ndi ya madzi. Akafika pa 32°F, ndiye kuti 0°C, amauma nkufufuma pafupifupi 9 peresenti, ndiye chimene chawatsekera chimang'aluka basi, majointi a mapaipi, pampu, kavalavu ka kuseri kwa toileti, ndipo simudziwa tsiku lomwelo ayi, mudzadziwa tsiku lofunda madzi akusefukira pansi pa kabati. Azungu amene RV ndi yongosangalalira savutika, Okutobala akamatha amakhuthula mathanki onse, kukhuthula hita ya madzi ija ya magaloni 6 nkuitsekera pambali, kupopa mapaipi ndi kompresa osapyola 40 psi, kenako kuthira antifreeze wa pinki, mankhwala oletsa madzi kuuma, nkumatsegula mpopi uliwonse, wotentha ndi wozizira, shawa, toileti, mpaka pinki atuluke, wina kuthira m'masinki. Atha, akhoma, tionana Epulo. Ndipo chonde ndi wa pinki wolembedwa RV, osati wa mu injini ya galimoto, ameneyo ndi poizoni musamuike mu mapaipi a madzi akumwa olo wina akuuzeni kuti ndi chimodzimodzi.

Koma ine ndikugonamo, ndikufuna kusamba, ndikufuna kuphika. Ndiye gula paipi ya madzi yokhala ndi waya wotenthetsa mkati, gula heat tape wokulunga pa mpopi wa panja, gula mabolodi a fomu uzungulize pansi ponse ngati siketi kuti mphepo isalowe, gula tepi yomatira mabolodiwo chifukwa mphepo ikangopeza kampata mawa ukawatola kwa aneba. Chilichonse gula gula. Ndipo ngakhale wachita zonsezo limabwera tsiku loti watsegula mpopi mamawa uli zii, ndiye uli panja mdima usanache, wagwada pa sinowo, tochi wailuma pakamwa, hair dryer kudzanja ukupemerera kapaipi pang'onopang'ono, zala zafa kale sukuzimvanso, mamina aumira pa ndevu, uku shifiti ikuyamba 5 koloko ndipo bwana alibe nazo zoti kwanu madzi auma.

Za kuchimbudzi ndinene mosabisa poti tonse ndife akuluakulu. Thanki ya zonyansa valavu yake imakhala yotseka mpaka itadzaza, ukaisiya yotsegula madzi amathawa zolimba nkutsala, zimaunjikana nkuuma momwemo. Chipaipi chotayira chija ukachisiya panja chili ndi madzi chimauma gwa, kungochikhudza chimathyoka, ndipo chimathyokera pa nsapato zako. Izi palibe amajambula kuika pa status.

Ndiye gasi. Furnace, hita ya gasi yotenthetsa mkati, ya 30,000 BTU ikamayaka osapuma imamwa galoni imodzi ya propane pa maola atatu, silinda ya mapaundi 20 imalowa magaloni osakwana 5, werengerani nokha. Kukazizira zenizeni silinda siichedwa, ndipo imakonda kutha pakati pa usiku, sindinaonepo itatha masana dzuwa likuwala. Wina anena kuti bwanji osangoyatsa hita ya magetsi. Eya, koma hita ya magetsi imafunditsa iweyo basi, pamene furnace ndi imene imatumiza kampweya kotentha pansi kuli mathanki ndi mapaipi, ndiye ukaizimitsa kuti usunge gasi iwe ufunda koma mapaipi aphulika. Komanso magetsi ake ndi 30 amp, ma watts 3,600 basi, hita imodzi yatenga kale 1,500, uyatse yachiwiri, uike ketulo, thi! mdima. Breaker ya pa pholo ikagwa ndiye tuluka panja ndi masilipasi. Fani ya furnace nayo imayendera batire, magetsi akathima usiku batire nkutha, gasi ali tho mu silinda koma moto palibe.

Apa ndiye ndikupempheni ndithu anzanga, zoyatsa sitovu ya gasi kapena uvuni kuti mufunde musayerekeze. Tonse tinamvapo za anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka osadzukanso, mpweya wake ndi womwewo, sununkha, suoneka, umangokugoneka. Ka alamu ka carbon monoxide kaja muzikayesa, ndipo sinowo isatseke potulukira utsi wa furnace panja.

China chimene sanandiuze ndi chinyezi. Ife chakudya chathu ndi cha nthunzi, nsima, nyemba zowira maola, ndiye kanyumba kotseka ponseponse nthunzi ipita kuti? Mawindo amangochucha, m'mawa madzi aja aumira mkati mwenimweni, mukatukula matilesi pansi pake pada bii nkhungu, suti yanga ya kutchalitchi mu wadiropu inachita mawanga mbali imene inagunda khoma. Ndiye akuti gulanso dehumidifier, kamakina koyamwa chinyezi, ndipo uzitsegula kawindo ka padenga pang'ono pophika. Tangoganizani, gasi ndagula ndi dola yanga kuti nditenthetse, ndiye nditsegulenso zenera atuluke.

Malo oimikapo nawo ndi nkhani. Ma campground ambiri mbali ino amatseka cha mu Okutobala mpaka Epulo kapena Meyi, ochepa otsalawo amadziwa kuti ulibe kolowera, magetsi amakuwerengera pa mita payekha, ndipo kuno ndili ine mwini wake akuti siketi ya fomu ikunyansitsa malo ake ndigule ya vinyl yooneka bwino. Bambo inu, ndani akubwera kudzaona malo mu Januwale?

Ena amati kokera ku Florida kapena Arizona ngati amachitira madala opuma ntchito aja. Iwowo ali ndi penshoni, ine ndili ndi shifiti. Komanso kukoka chinthu chimenechi pa msewu waukulu wa I-80/90 sinowo ikugwa si masewera, uyambe wakwera padenga kukokolola sinowo, kupala ayezi pa slide, mbali ya chipinda imene imatuluka kunja mukaima, apo ayi siilowa, kuona mpweya wa matayala poti kukazizira umatsika, mathanki opanda madzi, ndiye pamsewu thiraki ikakudutsa chingolo chonse chimavina kumbuyo, ukaponda buleki mwamphamvu pa ayezi chimafuna kukupitirira. Mchere amathira mumsewu uja nawo ukudya chitsulo pansi mwakachetechete.

Ndiye alongo anga kumudzi mukamaimba video call nkumati ndikuonetseni "nyumba ya matayala", taonaninso chipewa ndi majekete awiri ndavala mkati mwa nyumbamo. Ya feteleza ndituma, koma mwezi uno yayamba yapita ku propane. Ndipo inu achimwene munandigulitsa, munati mubwera Loweruka ndi kompresa komanso silinda yachiwiri ija munalonjeza pogulana, Loweruka lake liti? Ma tiki a buluu ndikuwaona.