Ndalama zathu mumalandira, voti mumatimana, nde tisiyeni tilankhuleko za zaka za atsogoleri

Pa 16 September 2025 ine sindinavote, osati ulesi ayi, koma ife a ku Joni kuno lamulo silitiwerengera. Pa fizi ya ana, feteleza, maliro, denga likasasuka, foni imalira usiku ndi usana kuti achemwali tumizani kangachepe, koma ikafika nthawi yosankha munthu woyendetsa dziko lomwe ndalamazo zikupita timangokhala oonerera pa Facebook. Nde poti chala changa sichinadetsedwe ndi inki, pakamwa pokha musanditseke.

A Peter Mutharika anabadwa mu 1940, apambana ali ndi zaka 85, teremu ikamatha mu 2030 adzakhala ndi 90. Amene anawagonjetsawo, a Chakwera, anali ndi 70. Malamulo athu amangonena kuti wofuna upulezidenti akhale wosachepera zaka 35, kumtunda kulibe mpanda. Koma mphunzitsi wa pulayimale akakwana 60 boma lomwelo limamuuza kuti wakalamba kapume, nesi chimodzimodzi, kalaliki chimodzimodzi. Eti choko chimalemera kuposa dziko?

Ine ntchito yanga kuno ndi yosamala nkhalamba, nde izi sindikuzinena za m'buku. Madala amene ndimawayang'anira ndi mzungu, zaka zawo ndi zomwezo za m'ma 80, anali injiniya, munthu wa mutu kwambiri. Mukawapeza 10 koloko m'mawa atasamba, atamwa mapilisi ndi tiyi, mukhoza kulumbira kuti palibe vuto, amawerenga nyuzi, amakuuzani za Ramaphosa, za Eskom, mpaka kuwerengetsa chenji osaphonya. Ana awo amadziwa zimenezo nde alendo onse amawaitana m'mawa. Bwerani 4 koloko madzulo mudzaone. Munthu yemweyo amandifunsa dzina langa, amasaka magalasi ali pamphuno, tsiku lina anaika rimoti mu filiji n'kumandikalipira kuti ndaba. Ana anayamba ndi kuwalanda makiyi a galimoto, kenako khadi ya kubanki, pano akabwera ndi mapepala amangoloza ndi chala kuti dadi sainani apa, madala n'kusaina akumwetulira, osawerenga olo mzere umodzi. Siginecha ndi yawo ndithu, koma amene waganiza ndi wina.

Mantha anga ali pamenepo. Sindikunena kuti pulezidenti wathu ali choncho, sindine dokotala wawo. Ndikunena kuti ukalamba subwera ndi belu, ndipo oyamba kuzindikira kuti bwana afooka ndi amene amakhala nawo pafupi, omwenso ndi amene amadya bwino bwanawo akafooka. Inu mumakhala pamzere padzuwa kuvotera munthu mmodzi, kenako dziko n'kumayendetsedwa ndi anthu oti pa balotipo nkhope zawo panalibe.

Ndipo zinatichitikira kale, tisamayiwale msanga. Mu October 1993 Kamuzu anabwera naye kuno ku Johannesburg kudzachitidwa opaleshoni ya m'mutu, dziko linatsala m'manja mwa anthu atatu, a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa, koma chipani chinamuimikabe pa chisankho cha 1994, munthu woti olo zaka zake zenizeni anthu ankangotsutsana. Anadzamwalirira kunonso mu November 1997. Bingu anagwa pa 5 April 2012 ali ndi zaka 78, anamukweza ndege kubwera naye ku South Africa, nduna zisanu ndi imodzi zija n'kuima pa TV pakati pa usiku kumatiuza kuti mayi Joyce Banda sangatenge mpando, za imfa anatiuza pa 7. Mu 2016 a Peter atapita ku msonkhano wa UN ku New York anakhalitsa pafupifupi mwezi, dziko lonse mphekesera zokhazokha, boma osanena chomveka. Anzathu a ku Zimbabwe omwe timakwera nawo taxi kuno afunseni za Mugabe, anachotsedwa ndi asilikali mu November 2017 ali ndi 93, nkhani yonse inali yoti kodi akulamula ndi iyeyo kapena mkazi wake Grace.

Ndikayankhula chonchi pa chinkhoswe kapena pa maliro kuno amandiyankha ndi mwambi, akuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, wina n'kutchula Mandela. Inde Mandela analowa ali ndi 75, koma bwanji simumaliza nkhaniyo, anakhala teremu imodzi basi mu 1999 n'kusiyira Mbeki, munthu wosamukankha. Athuwa alipo amene anachokapo yekha? A Muluzi anafuna teremu yachitatu ali ndi mphamvu zawo zonse. Kupereka nzeru ndi kwina, kudzuka 3 koloko usiku poti namondwe Freddy wakokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kupanga ziganizo mutu uli bwinobwino ndi kwinanso.

Komanso anthu akumudzi amene anavotera a Peter, adadiwo, ine sindingawanyoze. Mayi anga anavotera komweko ndipo chifukwa chake anandiuza mosabisa, thumba la chimanga, shuga, mafuta a galimoto anthu kugona pa filling station. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, ife kuno timatumiza ma rand omwewo, pa foni zimaoneka ngati mamiliyoni koma akapita kumsika akubwera ndi kajumbo kamodzi. Munthu wanjala safunsa chaka chobadwa. Ndipo achinyamata si angelo, a Cashgate mu 2013 ambiri anali anyamata a mataye, imvi analibe. Chondinyansa china n'chakuti nkhani ya age limit kwathu imangotuluka chisankho chikayandikira, cholinga kutchinga munthu mmodzi, zikatha zii. Nde anthu akamva amadziwiratu kuti ndi ndale, n'kuikana ngakhale ili ndi nzeru.

Ine ndikanakonda lamulo la malire a zaka likhazikitsidwe pano chisankho chili kutali, wina asanene kuti akumusaka. Wopitirira 75 asaimenso, basi. Wina ati kumeneko n'kusala okalamba, nanga wa zaka 34 amene mumamukaniza uja simukumusala? Ku Uganda malire a 75 analipo, mu 2017 anawachotsa kuti Museveni apitirize, ku Cameroon Paul Biya wakhalapo kuyambira 1982 ndipo mu 2025 wapambananso ali ndi 92. Ku America komwe amatiphunzitsa demokalase a Biden anachita kukankhidwa ndi chipani chawo mu July 2024 dziko lonse litaona pa dibeti zomwe apafupi ankabisa. Ndipo malire okhawo sakukwanira, aliyense wofuna mpando, kaya ndi wa 40 kaya 70, apimidwe ndi madokotala oima paokha, zotsatira tizimve, n'kumabwereza chaka ndi chaka. Gawo 87 la malamulo athu limakamba za madokotala otsimikiza kuti pulezidenti sangathenso ntchito, koma nduna iti ingayambitse zimenezo, yoti mawa lake ichotsedwa?

Ine kuti ndipeze ntchito yosintha matewera iyi anandiyeza TB, BP, shuga, anafuna kalata ya kupolisi, anandifunsa ngati msana uli bwino. Mnzanga wa ku Mangochi wa zaka za m'ma 50 anamubweza pakhomo kuti wakula sangathe kunyamula wodwala. Koma woyang'anira anthu oposa 20 miliyoni palibe womufunsa olo kapepala ka kuchipatala.

Chowawa kwambiri n'chakuti akadwala amabwera kuno konkuno, ndege, chipatala cha pulayiveti, bilu ikalipiridwa ndi misonkho ya mayi anga ogulitsa tomato. Ife amene tinathawa umphawi wawo tikapita ku kiliniki ya boma timakapeza a Operation Dudula, gulu lothamangitsa obwera, ali pageti kufunsa ID, wopanda abwerere, munthu ali ndi mimba kapena akufuna ma ARV. Wina akamwalira timasonkherana ma R100 pa gulu kuti thupi lidutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Anzathu a ku Mozambique amavota ali konkuno, a South Africa okhala ku London amavota ku embase yawo, ife kazembe tili naye ku Pretoria, ofesi ina ili mu Johannesburg momwemuno, chovuta n'chiyani kuika bokosi ndi inki? Kapena mukudziwa kuti amatchona tikapatsidwa voti ambiri a inu mupita kukalera zidzukulu.