Musanyoze drafti chifukwa choti malamulo ake ndi ochepa

Dzulo ndinapsa mtima kwambiri, ndipo mpaka pano mkwiyowo sunandichoke. Mnzanga wina wa kuntchito anandipeza nthawi yopuma ndikuyang'anitsitsa bolodi la drafti, ndikufufuza pamene ndinalakwitsa pa masewera amene ndinagonja dzana. Iye anaseka n'kunena kuti n'zomvetsa chisoni kuona munthu wamkulu akudzipweteka mutu ndi masewera a ana, amene malamulo ake aliyense angawaphunzire pa mphindi zisanu. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, khalani pansi tisewere."

Titangoyamba ndinamusiyira dala chidutswa chimodzi poyera. Lamulo limati ukapeza mpata wodya uyenera kudya, choncho anadya akumwetulira, osaona kuti podumpha paja wasiya mipata kumbuyo kwa zidutswa zake. Ndinadya zitatu motsatizana n'kukafika kumapeto kwa bolodi, chidutswa changa n'kukhala mfumu. Tinasewera katatu ndipo anagonja katatu konse. Chimene chinandipweteka n'chakuti ponyamuka ananena kuti ndangochita mwayi, ndipo masewerawo ndi a ana basi.

Mwayi wake uti? Mu drafti mulibe maere, mulibe makadi obisika m'manja, chilichonse chili poonekera pamaso pa anthu awiriwo. Amene wagonja wagonja chifukwa mnzake anaona patali kuposa iye. Kudziwa mmene chidutswa chimayendera si kudziwa kusewera, ndipo ndikubwereza chifukwa anthu ambiri amasokoneza ziwirizi: kufupika kwa malamulo sikutanthauza kuti nzeru zofunika pa masewerawo n'zochepa. Lamulo limodzi lomwelo lokakamiza kudya, limene mwana amalimva nthawi yomweyo, ndi limene limabala misampha yonse, chifukwa limandipatsa mphamvu yoyendetsa zidutswa za mdani wanga kupita komwe ine ndikufuna. Mwina tinazolowera kulemekeza zinthu zovuta kufotokoza, kaya.

Ngati ndi masewera a ana, n'chifukwa chiyani Jonathan Schaeffer ndi anzake a ku University of Alberta ku Canada anatha zaka 18, kuyambira 1989 mpaka 2007, akuyendetsa makompyuta kuti afike pansi pake? Iwo ankafufuza drafti ya timabokosi 64, ya zidutswa 12 mbali iliyonse, ndipo njira zimene zidutswazo zingakhalire pa bolodi n'zochuluka pafupifupi nambala 5 yotsatiridwa ndi maziro 20. Pamapeto pake anatsimikiza kuti osewera awiri akapanda kulakwitsa ngakhale kamodzi, masewerawo amathera mofanana, popanda wopambana. Apa ndiye kuti aliyense amene wagonja pali pamene anaphonya, ndipo mnzanga uja anaphonya katatu osadziwa n'komwe kuti waphonya pati.

Taonaninso masewera a Go, amene anayambira ku China zaka zoposa 2,000 zapitazo. Timiyala take tonse n'tofanana mphamvu, takuda ndi toyera, ndipo sitiyenda n'komwe: umangoika kamodzi pamphambano ya mizere, pa bolodi la mphambano 361, n'cholinga chozinga malo ndi timiyala ta mnzako. Chess ili ndi mitundu isanu ndi umodzi ya zidutswa, uliwonse ndi kayendedwe kakekake, koma kompyuta ya Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, yemwe anali katswiri wa dziko lonse pa chess, kalekale mu 1997. Pa Go panadutsa zaka zina 19 kuti pulogalamu ya kompyuta ya AlphaGo igonjetse katswiri wa masewerawa Lee Sedol ku Seoul, ku South Korea, mu 2016, pa masewera anayi mwa asanu. Masewera a malamulo ochepawo ndi amene anavutitsa makina nthawi yaitali. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene wangoyang'ana bolodi kamodzi n'kugamula kuti palibe kanthu sanaone chilichonse.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti mnzanga yemweyo amatha maola ali pa foni ndi masewera odzadza ndi zithunzi zothwanima, zida makumimakumi, mabatani mbali zonse ndi malangizo ataliatali, n'kumati amenewo ndiwo masewera a anthu oganiza. Ndinawayesako mlungu wathunthu. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ukangozindikira chida champhamvu kuposa zonse, palibenso choti uganize, umangodina pomwepomwepo tsiku ndi tsiku. Ukafika povuta sakufunsa kuti uganize bwino, amakuuza kuti ulipire ndalama kapena uonere uthenga wotsatsa malonda kwa masekondi 30 kuti udutse.