Makampani akhoza kukonza pakati pa Johannesburg, koma sangasunge osauka

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti khonsolo ya mzinda ikuitana makampani omwe si aboma kuti adzathandize kukonzanso dera lomwe lawonongeka, ndipo ena amafika ponena kuti boma likugulitsa mzinda. Maganizo anga ndi akuti kuitana makampaniwo n'koyenera, ndipo Johannesburg, kumene kukukhala abale athu ambiri ochokera ku Malawi, ikusonyeza bwino ubwino wake ndi malire ake.

Makampani akuluakulu atayamba kusamukira ku Sandton, dera la kumpoto kwa mzindawu, mpaka msika wa masheya wa JSE n'kutsatira mu 2000, nyumba zambiri zosanja za pakati pa mzindawu zinasiyidwa popanda ozisamalira. Eni ake ena anasiya kulipira msonkho wa malo, madzi ndi magetsi, choncho khonsolo inataya ndalama pa nthawi yomwe inkazifunitsitsa. Nyumba zambirizo si za khonsolo, ndipo ngakhale zikanakhala zake, ndalama zokonzera zikanachokera m'thumba lomwelo lomwe limayenera kukonza misewu ndi mapaipi a madzi ku Soweto ndi ku Alexandra. N'chifukwa chake mu 2001 khonsolo inakhazikitsa bungwe loyendetsa ntchito zotukula mzindawu la Johannesburg Development Agency, ndipo kuyambira mu 2004 wokonzanso nyumba yakale m'dera la pakati pa mzinda lomwe boma linasankha kuti litukulidwe, lotchedwa Urban Development Zone, ankaloledwa kuchotsera pa msonkho ndalama zomwe wagwiritsa ntchito, pang'onopang'ono m'zaka zisanu. Nyumba ikakonzedwa anthu amabwerera, mashopu amatsegulidwa, ndipo msonkho umayambanso kulowa. Dera la Maboneng linayamba motero cha m'ma 2009.

Koma wabizinesi amaika ndalama pomwe akuona kuti zibwerera, ndipo sitingamudzudzule pa chimenechi. Iye sangapereke chipinda kwa mayi wogulitsa masamba m'mbali mwa msewu kapena mnyamata wamaganyu, amene sangakwanitse lendi ya nyumba yokonzedwa kumene. Komanso bizinesi imatha kugwa, monga momwe kampani ya Propertuity, yomwe inatukula Maboneng, inagwera mu 2018. Khothi loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, kuti khonsolo iyenera kupezera pokhala pongoyembekezera anthu osauka ochotsedwa m'nyumba, ngakhale wowachotsayo atakhala kampani.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi moto wa pa 31 August 2023 ku nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa mzindawu, womwe unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi. Nyumba imeneyo sinali ya kampani iliyonse, inali ya khonsolo yeniyeniyo, ndipo komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Sisi Khampepe inapeza kuti khonsolo inalephera udindo wake. Anthu ankakhala m'tizipinda togawidwa ndi matabwa, kwinaku akulipira lendi kwa anthu omwe analanda nyumbayo, chifukwa malo otchipa ovomerezeka pafupi ndi ntchito zawo kunalibe.

Choncho ndikufuna kuti khonsolo, posayina mgwirizano uliwonse ndi kampani, iziikamo chiwerengero cha zipinda za lendi yotsika, ndiponso kuti gawo la msonkho wochokera ku nyumba zokonzedwazo lizipita kokonza nyumba zake zomwe, kumene kukugona anthu omwe kampani singawalandire.