Wakuba sakufunsa n'komwe pasiwedi yanu yolimbayo

Ndakwiya, ndipo ndiyankhula pompano. Pa ofesi ina yomwe ndimathandizako ntchito, opanga pulogalamu yomwe amagwiritsa ntchito anatumiza chenjezo kalekale kuti mu pulogalamuyo mwapezeka bowo lomwe akuba angalowerepo, ikani msanga update, mtundu watsopano wotseka bowolo. Mpaka dzulo sanaike. Nditafunsa, mkulu woona za makompyuta akuti, "Musade nkhawa achimwene, pasiwedi yathu ndi yolimba, tidzaika audit ikatha." Audit ikatha! Akuba nawonso adikira audit?

Anthu inu tamvetsani. Pali mabowo ena omwe akatswiri amawatcha authentication bypass. Pamenepa wakuba sakusaka pasiwedi yanu. Sakuiba, sakulota, sakuifuna. Amangolambalala pomwe pulogalamu imafunsa kuti ndiwe yani, basi wapezeka mkati ali admin, munthu wa mphamvu zonse pa pulogalamuyo. Mwakhoma loko wamkulu pachitseko chakumaso, khoma lakuseri litagumuka. Ngakhale ka nambala kobwera pafoni kaja sikakupulumutsani pamenepa, chifukwa munthuyo sadutsa n'komwe pamalo pomwe kamafunsidwa.

Ndipo izi si nthano. Mu February 2024 zinachitika ndi ScreenConnect, pulogalamu ya kampani ya ku America ya ConnectWise, yomwe a IT amalowera nayo m'makompyuta a makasitomala ali kutali. Bowo lake, lomwe analipatsa nambala ya CVE-2024-1709, linapatsidwa 10 pa 10 pa muyeso wa kuopsa. Mukudziwa chomwe chimafunika? Kungowonjezera ka slash (/) kumapeto kwa SetupWizard.aspx pa adiresi ya pa intaneti. Tsamba lokhazikitsira pulogalamu, lomwe limayenera kutsekeka ntchito ikatha, limatsegukanso, munthu n'kudzipangira akaunti ya admin. Ka slash kamodzi! Opanga anangoiwala kutseka njira imeneyo, zimachitika. Koma anatulutsa update pa 19 February, mtundu wa 23.9.8, ndipo pasanathe masiku ochepa akuba anali atayamba kale kulowa m'maseva (makompyuta oyendetsa pulogalamuyo) a omwe anachedwa, ena n'kuikamo ransomware, pulogalamu yotseka mafayilo mpaka mulipire dipo. Amene anaika tsiku lomwelo anagona tulo. Amene anati mawa analira.

Ndiye nkhani yanga ndi imodzi: update yotseka bowo lotere imaikidwa tsiku lomwe yatuluka. Osati Lachisanu. Osati mwezi ukatha. Osati abwana akabwera kuchokera ku nyanja. Lero. Chenjezo likangotuluka, akuba amaliwerenganso, ndipo iwo sapita ku lanchi. Amakhala ndi mapulogalamu oyendayenda pa intaneti usiku ndi usana kufufuza seva yomwe sinakonzedwe. Sasankha kuti iyi ndi kampani yaikulu, iyi ndi kaofesi ka anthu ochepa. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Mukuti update ingasokoneze ntchito? Chabwino, isokoneze kwa ola limodzi, mupepese makasitomala. Nanga mafayilo onse a malipiro ndi ngongole akatsekedwa, wina n'kumakuuzani kuti mulipire mu Bitcoin, ntchito idzayenda? Ngati simungaike lero, zimitsani sevayo kapena ichotseni pa intaneti mpaka mukonze. Ndiponso tsamba la admin likufunanji poyera, poti aliyense padziko lapansi alifikire? Libiseni kuseri kwa VPN, njira yotetezedwa yomwe amadutsa ololedwa okha. Mukaika update, musapume msanga, onani ngati mulibe akaunti yachilendo yomwe simunaipange inuyo, muwerenge ndi ma log, pomwe pamalembedwa zonse zochitika mu seva. Kutseka bowo sikutulutsa munthu amene analowa kale dzana.

Ikani update, abale anga. Pasiwedi yolimba si mankhwala a chilichonse.

Komanso pa za pasiwedi yolimbayo, ndi imodzi yomwe ofesi yonse ikugwiritsa ntchito, yolembedwa pa kapepala komata pansi pa keyboard. Mnyamata amene anachotsedwa ntchito chaka chatha akuidziwa pamtima, ndipo akaunti yake ya imelo mpaka pano palibe anaitseka.