Wosewera tenisi amaima yekha pamaso pa atolankhani

Ndawerenga nkhani ina yokhudza osewera tenisi ndili kuno ku Area 25, ndipo sindikugwirizana ndi mlembi pamene akunena kuti wosewera tenisi wokana kuyankhula ndi atolankhani ndi wodzikonda chabe. Mu 2021, pa mpikisano wa French Open ku Paris, katswiri wamkazi wa tenisi wa ku Japan, Naomi Osaka, atakana kuonekera pamaso pa atolankhani adamulipitsa madola 15,000 ndi kumuopseza kuti amuchotsa, mpaka iye adatulukamo yekha n'kuulula kuti wakhala akuvutika maganizo kuyambira mu 2018, chaka chimene adapambana mpikisano wa US Open. Kodi munthu wotere tingamutche wamwano?

Ndikuvomereza kuti ndalama za masewerawa zimachokera ku nyumba za kanema ndi makampani otsatsa malonda, choncho atolankhani sitingawathamangitse. Komabe ine ndidaonapo pa bwalo la Bingu mnyamata wa mpira timu yake itagonja, thukuta lisanaume, maikolofoni ali pakamwa kale, akufunsidwa chifukwa chimene waphonyera, iye maso ali pansi, mawu akunjenjemera. Ameneyo ali ndi anzake khumi ogawana nawo manyazi, pamene wa tenisi amawasenza yekhayekha. Bwanji osamulola kupuma usiku umodzi n'kudzayankha mawa lake, kapena kuyankha molemba?