Masiku 30 m'pasipoti, zaka 9 m'maluwa a eni

Lachisanu lapitali apolisi anandikhazika pansi m'mphepete mwa msewu kuno ku Johannesburg, mwana wanga wa zaka 7 ataima pambali ndi buledi amene tinali titangogula. Inu amene mumakhala ku Joni kuno mukudziwa kale kuti wapolisi akayamba kutsegula masamba a pasipoti mwaulesi, ndiye kuti akudikira dzanja lako kuti lilowe m'thumba. Ndinapereka marandi 300, thukuta la tsiku lathunthu, ndipo mwanayo anaona zonse.

Lamulo la dziko la South Africa limatipatsa ife Amalawi masiku 30 okha tikalowa pachipata cha malire cha Beitbridge, ndipo kuyambira 2014 munthu akapitirira nthawi yakeyo ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dziko muno kwa zaka 5. Anzathu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho anapatsidwako zilolezo zapadera, ngakhale kuti nawonso amakhala mtima uli m'mwamba, koma ife ayi. Kodi munthu wotchetcha kapinga kapena mayi wolera ana a eni angakapemphe chilolezo cha mtundu wanji, poti zilolezo za ntchito zimafuna maluso amene akuti ndi osowa? Komatu abwana amene amadandaula za obwera ndi omwewo amene amafunsa anzawo ngati akudziwa Mmalawi wokhulupirika, ndipo akamupeza amamulipira mochepa podziwa kuti alibe kokadandaula.

Mu 2023 boma la South Africa linakhazikitsa bungwe latsopano loyang'anira malire, koma ndalama zimene timapinda m'mapasipoti kuchokera pa Mwanza, kudutsa Tete ndi Nyamapanda, zikupindidwabe. Matransipota, abale athu enieni, amalonjeza kukadinditsa pasipoti, kenako amabweza chidindo chabodza chimene chimakakutsekeretsa ku Lindela, kumene amasungirako obwera opanda mapepala asanawabweze kwawo. Boma lathu nalonso limatikumbukira zinthu zikavuta, monga mu 2015 pamene linatumiza mabasi anthu atathamangitsidwa ku Durban, koma za kukambirana kuti tikhale ndi mapepala oyenera sitizimva. Ifenso tili ndi mlandu, chifukwa timatumiza kumudzi zithunzi titavala bwino, n'kubisa kuti timagona anthu asanu m'kachipinda ka malata, motero achinyamata amagulitsa mbuzi za makolo awo n'kutitsatira.

Zonsezi ndinazipirira kwa zaka 9, koma kukhala pansi mwana wanga akundiyang'ana kwandikanika kuiwala. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, kudzakumba golide pansi pa mzinda uno, ndipo nthawi imeneyo eni migodi ankachita kutumiza ndege kudzatenga anthu, mpaka ngozi ya ku Francistown mu 1974 imene inapha Amalawi oposa 70. Lero mdzukulu wawo akuchotsedwa ulemu pamsewu chifukwa cha chidindo, mwana wake ataima ndi buledi m'manja.

Titafika kunyumba mwanayo sanadye. Usiku anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ababa, kodi munaba chiyani?" Ndinamuuza kuti sindinabe kanthu, koma ndinalephera kumufotokozera chifukwa chimene ndinaperekera ndalama. Iye anabadwira kuno, salankhula bwino Chichewa, komanso dziko lino silimuwerenga ngati nzika. Ndakambirana ndi mayi ake kuti sukulu zikatsekera mu Disembala tinyamule katundu, ndipo dzulo ndinaimbira achimwene kuti ayambe kuumba njerwa pamalo amene bambo anatisiyira.